Katipoti ka porcelain ndi ka dongo la Yixing: mkanganowu unayambira pati?

Anthu okonda tiyi wa ku China ali ndi mkangano womwe satopa nawo, ndipo ine ndinaugwera mu 2022, chaka chomwe UNESCO inaika kapangidwe ndi kamwedwe ka tiyi wa dzikolo pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Ena amati tiyi weniweni amafulidwa mu katipoti ka dongo lofiirira la ku Yixing, tawuni ya kum'mawa kwa China, basi, kopanda kupaka chilichonse, kamene kamayamwa fungo la masamba pang'onopang'ono mpaka patapita zaka kamakometsa tiyi pakokha. Enawa amati ayi, tengani ka porcelain, dothi loyera losalala lija la makapu osweka, chifukwa sikawonjezera kanthu ndipo sikachotsa kanthu. Timatipoti tomwe akukanganirati ndi tating'ono zedi, mamililita 100 kapena 150, mumadzaza masamba ambiri, kuthira madzi otentha, masekondi ochepa mwatsanula kale, kenako kuthiranso mpaka kasanu kaya kasanu ndi katatu masamba omwewo.

Kuti timve bwino tiyambire mu 1391, chifukwa kwa ine nkhani yonse yagona pamenepo.

Kale chisanafike chakachi, nthawi ya mafumu a Song, tiyi wapamwamba sankabwera ngati masamba ayi. Ankawatenthetsa ndi nthunzi, kuwasinja, kuwaumba timibulu tolimba todindidwa chithunzi cha chinjoka, ndipo womwa ankaperanso ufa n'kuutakasa m'mbale ndi kampukutiro ka nsungwi mpaka thovu loyera. Nchifukwa chake mbale zokondedwa zinali zakuda zoumbidwa ku Jian m'chigawo cha Fujian, thovulo lizioneka bwino. Tipoti analibe nayo ntchito, analipo ndi majagi othirira madzi. Koma ntchito youmba timibuluto inali yowawa, ndipo ankaigwira ndi alimi a ku Jianning m'chigawo cha Fujian omwe ankakakamizidwa kupereka tiyi kunyumba ya mfumu chaka ndi chaka. Ndiye kunabwera Zhu Yuanzhang, yemwe anayambitsa ufumu wa Ming mu 1368 n'kumatchedwa Hongwu. Munthuyu anali mwana wa alimi osaukitsitsa, makolo ake anafa mu 1344 nthawi ya chilala ndi mliri, iye n'kukakhala kukachisi wa Abuda mpaka kumayenda akupempha chakudya. Mu 1391, chaka cha 24 cha ulamuliro wake, analamula kuti timibulu ta chinjoka tileke, azingobweretsa nsonga za masamba zouma, ndipo chifukwa chomwe chinalembedwa n'chakuti ntchitoyo imathodwetsa anthu wamba.

Apa pakufunika kusamala pang'ono. Ambiri amafotokoza ngati Hongwu ndiye anatulukira tiyi wa masamba, zomwe si zoona, anthu wamba ankamwa kale wotero nthawi ya mafumu a Yuan, omwe ankalamulira ufumu wa Ming usanayambe. Komanso mfumuyi inapha nduna ndi anthu masauzande ambiri, ndiye amene amati chinali chifundo chokha ndimawamva mosamala, mwina kunalinso kudana ndi moyo wamwanaalirenji wa olemera. Komabe lamulolo linapeputsira alimi goli, ndipo zomwe mfumu ikumwa akuluakulu onse amatsatira. Masamba akakhala athunthu pafunika chowaviikamo chokhala ndi chivindikiro ndi kamlomo, ndipo tiyi akamatuluka wobiriwira kapena wachikasu woyera mbee mbale yakuda ija imangomubisa. Kapu yoyera inatenga malo.

Ziwiya zoyera a ku China anali nazo kale. Jingdezhen, tawuni ya m'chigawo cha Jiangxi yomwe inapatsidwa dzinali mu 1004, inkasakaniza miyala yopera ndi dongo la kaolin, dzina lochokera ku mudzi wa Gaoling, n'kuwotcha pa madigiri pafupifupi 1,300 mpaka chiwiyacho chimalira ngati belu ndipo madzi salowa. Ku Dehua m'Fujian nakonso ankaumba zoyera ngati mkaka.

A Yixing nkhani yawo imayamba ndi Gong Chun, wantchito wa wophunzira wina, yemwe akuti anaonera luso kwa mmonke pakachisi wa Jinsha nthawi ya mfumu Zhengde, pakati pa 1506 ndi 1521. Nkhani yokoma, koma yemwe timaimvera kwambiri ndi Zhou Gaoqi amene analemba cha m'ma 1640, patatha zaka zoposa 100, ndipo tipoti yomwe ili mu myuziyamu ku Beijing yomwe amati ndi ya Gong Chun akatswiri amatsutsana mpaka lero ngati ndi yakedi. Chosakayikitsa n'chakuti kumapeto kwa Ming oumba ngati Shi Dabin anali otchuka, ndipo matipoti ankacheperachepera kukula chifukwa ophunzira ankafuna aliyense kake.

Za ku Ulaya ndingodutsa: zombo za Adatchi zinanyamula mitundu yonse iwiri, ndipo Böttger, katswiri wa ku Saxony m'dziko la Germany, anayamba wakopera ziwiya zofiirira asanapeze chinsinsi cha zoyera, fakitale ya Meissen n'kutsegulidwa mu 1710.

Kafulidwe ka timatipoti tating'onoti, kotchedwa gongfu, kanakhwimira kummwera kwa Fujian ndi ku Chaozhou, mzinda woyandikana nako, limodzi ndi oolong, tiyi wapakati pa wobiriwira ndi wakuda. Wolemba wina dzina lake Yuan Mei atafika ku mapiri a Wuyi mu 1786 anafotokoza kuti anamupatsa tiyi m'kapu yaing'ono ngati mtedza wa walnut kuchokera m'tipoti yosaposa chipatso chonga ndimu, ndipo tiyi yemwe kale ankamunyoza anayamba kumukonda. A mbali ya Yixing amanyadira kuti ku Chaozhou tipoti yolemekezeka inali yotchedwa Mengchen, dzina la woumba wina wa ku Yixing, ya dongo lawo, ndipo akunena zoona. Koma pa thireyi yomweyo timakapu tinali ta porcelain topyapyala, ndipo lero m'nyumba zambiri kumeneko amafulira mu gaiwan, kambale koyera ka chivindikiro.

Zaposachedwa ndi zomwe zinawotcha mkanganowu. Mu 2005 akuluakulu a ku Yixing analetsa kukumba dongo pa phiri la Huanglong, mitengo inakwera, ndipo mu 2010 wailesi yakanema ya boma la China, CCTV, inaonetsa kuti ena ankasakaniza dongo wamba ndi mankhwala opatsa mtundu n'kumagulitsa ngati lenileni. Oumba achilungamo anavutika nazo, ndipo tipoti yabwino ya Yixing pa pu'er (tiyi wosungidwa nthawi yaitali kuti akhwime) kapena oolong wokazinga imafewetsadi kuwawa, zimenezo sindikana. Koma imafuna mtundu umodzi wa tiyi moyo wake wonse, sopo ayi, komanso wogula adziwe kusiyanitsa. Ka porcelain mumangotsuka, m'mawa tiyi wobiriwira madzulo wakuda, ndipo masamba akakhala oipa mumadziwa pa kumwa koyamba. Olawa tiyi pa malonda, kuphatikizapo a m'mafakitale athu ku Thyolo ndi Mulanje, amalawira m'ziwiya zoyera zosalala pa chifukwa chomwecho, ndipo muyezo wa padziko lonse wa ISO 3103 womwe umalongosola kalawidweko umatchula porcelain yoyera kapena dothi lopakidwa galasi, magalamu 2 pa mamililita 100, mphindi 6.