Mmene galu anafikira povala dzungu pa Halloween

Chakumapeto kwa Okutobala, ku Tompkins Square mumzinda wa New York kumadzaza agalu ovekedwa. Wina ali ndi mapiko a mleme pamsana, wina amukulunga nsalu yooneka ngati buledi kuti iye akhale soseji pakati, wina chipewa cha mfiti chapendekera kukhutu ndipo akuyesa kuchichotsa ndi mwendo. Perete wa Halloween ameneyu anayamba chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Koma mwambo umene wafikitsa agaluwa pamenepa ndi wakalekale, ndipo poyamba zinali zotembenuka: anthu ndiwo ankavala ngati nyama.

Gwero lake ndi Samhain, chikondwerero cha anthu a ku Ireland ndi ku Scotland chimene chinkachitika Novembala akamayamba, zokolola zitalowa m'nyumba, nyengo yozizira ndi mdima ili pakhomo. Inali nthawi yotsitsa ng'ombe kuchokera kumapiri kumene zinkadya, ndipo zina zinkaphedwa kuti nyama isungidwe, popeza msipu sukanakwanira zonse. Ankasonkha moto waukulu pazitunda, monga pa Tlachtga m'dera la Meath. Usikuwo, ankatero, mizimu imayenda momasuka pakati pa amoyo.

Mpingo utafika unaika masiku ake pomwepo. Papa Gregory III, amene analamulira kuyambira 731 mpaka 741, anapatula kachisi ku Roma polemekeza oyera onse, ndipo m'kupita kwa nthawi 1 Novembala linakhala tsiku lawo, 2 Novembala la kupempherera omwalira. Akatolika kwathu kuno amawasungabe masiku awiriwa. Dzina loti Halloween ndi chidule chabe cha mawu achingelezi chakale otanthauza madzulo otsogolera tsiku la oyera onse. Ku England osauka ankayenda khomo ndi khomo kulandira timikate, iwo n'kulonjeza kupempherera akufa a pabanjapo. Ku Scotland ndi ku Ireland achinyamata ankadzibisa nkhope, n'kumaimba kapena kunena ndakatulo kuti apatsidwe kanthu.

Chosangalatsa kwambiri chinali cha ku Cork, kum'mwera kwa Ireland. M'zaka za m'ma 1800, mwamuna ankafunda nsalu yoyera atanyamula mutu wosema wa hatchi, gulu la anyamata likumutsatira ndi malipenga a nyanga za ng'ombe, kupempha chakudya famu ndi famu. Ankamutcha Láir Bhán, hatchi yaikazi yoyera. Wopatsa ankayembekezera mwayi chaka chimenecho, womana ankadziwa yekha.

Nalo dzungu ndi mlendo pamwambowu. Ku Ireland ankagoba turnip, muzu wonenepa wolimba ngati mtengo, n'kuboola maso ndi mano, mkati n'kuika kandulo. Njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, imene inadza ndi chiwawu cha mbatatesi, inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo enanso ochuluka chomwecho anawoloka nyanja. Ku America anapeza maungu, aakulu ndi ofewa, osapweteka dzanja pogoba. Turnip anathera pomwepo.

Kumeneko usikuwu unasanduka wa chipongwe. Anyamata ankagwetsa zimbudzi, kuzula mageti, kutsegulira ziweto. Ku Anoka, m'chigawo cha Minnesota, anthu atatopa ndi kudzuka ng'ombe zikuyendayenda mumsewu waukulu, mu 1920 anakonza perete ndi maswiti kuti ana atanganidwe. Mawu oti "trick or treat", kunena kuti tipatseni kanthu apo ayi muona, anayamba kuoneka m'manyuzipepala a ku Canada cha m'zaka zomwezo, ndipo anafala kwambiri nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, shuga atasiya kugulitsidwa mopimira.

Nanga galu analowa liti? Analowa pamene anachoka pabwalo n'kuyamba kugona pampando wa pabalaza, eni ake n'kumamutcha mwana. Mwana akavala, nayenso avale. Mafoni a kamera ndi Instagram zinangothira mafuta pamoto woyaka kale. Bungwe la amalonda la National Retail Federation linawerengera kuti mu 2023 anthu a ku America awononga madola pafupifupi 700 miliyoni pa zovala za ziweto zokha, ndipo chovala chotchuka kuposa zonse chinali cha dzungu. Ine ndimaseka ndikaganiza kuti nyama imene makolo awo ankaiona ngati mlonda wa nkhosa lero ikuyenda ndi tsinde lobiriwira pamutu.

Si onse amaseka. Mabungwe osamalira nyama a ku Britain monga RSPCA amachenjeza kuti ziweto zambiri sizikondwa nazo. Galu amadziziziritsa popuma wefuwefu, ndiye chovala chothina pakhosi kapena chokhuthala chimamutenthetsa. Amalankhulanso ndi makutu ndi mchira, ndipo mukaziphimba mwamutseka pakamwa. Mukamuona akunyambita milomo, kuyasamula pafupipafupi, kapena wangouma gwa osasuntha, si kuti akudikira chithunzi. Chokoleti chimene ana amabwera nacho m'mabeseni chili ndi theobromine, mankhwala amene thupi la galu limalephera kuchotsa msanga, ndipo chakuda kwambiricho ndiye choopsa zedi.

Mphaka wakuda yekha ndiye safuna chovala. Ku Ulaya anamunamizira ufiti kuyambira zaka mazana apitawo, ndipo mbiriyo inamumatirira mpaka lero, moti malo ena osungira ziweto zosowa mwini ku America amayamba aimitsa kupereka amphaka akuda mwezi wa Okutobala, poopa anthu ongowatenga ngati chokongoletsera cha phwando n'kuwabweza Novembala akalowa.