Kwacha ikagwa, waganyu salandira kalata

Ndatopa kumva zoti kugwa kwa kwacha ndi nkhani ya anthu a m'tauni olandira malipiro a pamwezi, ati waganyu ndi wageni sizimukhudza poti dola saidziwa. Ntchito yanga ndi yolangiza magulu a banki m'khonde kuno ku Chigwa cha Shire, ndipo mabuku awo akunena zina.

Kafukufuku wa boma wa 2013 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito m'Malawi, 89 adali m'ntchito zopanda kalata: ganyu, kabaza, geni, usodzi. Chuma chikavuta anthuwa sachotsedwa ntchito, poti palibe adawalemba. Amangochulukana. Wochotsedwa ntchito ku Blantyre amatsetsereka pa Thabwa, n'kugula njinga, n'kudzaima pa siteji ya Nchalo pomwe anzake adadzaza kale. Okwera ndi omwewo. Kudimba nako mtengo wa ganyu sukwera, chifukwa ukakana, kumbuyo kwako kuli wina wokonzeka kulima mzere womwewo. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, miyezi 8 yokha namondwe wa Freddy atakokolola minda ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Sopo, mafuta ophikira ndi matayala a njinga zidakwera nthawi yomweyo. Ganyu adatsalira.

Amandisowetsabe mtendere ndi mayi wina wogulitsa milamba youma cha ku Bangula. Geni yawo sidafe tsiku limodzi. Kopikula mtengo udakwera, koma iwo ankaopa kukweza poti ogula awo ndi aganyu omwewo. Ankagulitsa nsomba zonse, n'kumasangalala kuti malonda ayenda, osaona kuti ulendo uliwonse dengu likubwera losadzaza. Ankadya mpamba akuyesa phindu. Atazindikira, adachita manyazi kuuza gulu, adapita kwa wakatapila. Pofika kwa ife n'kuti mbuzi zitapita, mwana wamkulu atasiya sukulu n'kumapalira m'minda ya eni. Akadabwera dengu litangoyamba kuchepa, gulu likadawatalikitsira nthawi yobweza ngongole.

Ndiye amayi ndi abambo, musamawerenge ndalama zam'chikwama. Dzifunseni ngati zomwe mwagulitsa lero zingapikulenso katundu wochuluka ngati wa sabata yatha. Ngati ayi, kwezani mtengo kapena chepetsani mulu, ndipo uzani gulu lanu sabata yomweyo. Katapila wobweza theka pamwamba pakutha pa mwezi palibe geni ya nsomba kapena tomato ingamukwanitse. Wokongozayo akufuna njinga yanu ndi malata anu.

Chenjeraninso ndi madobadoba omwe amatulukira nyengo ngati zino, olonjeza ntchito yodula nzimbe kapena ya ku Joni mukangopereka "ya fomu". Wolemba ntchito weniweni salipiritsa wofuna ntchito. Wina akakuitanitsani ndalama kapena kufuna kusunga chiphaso chanu cha unzika, musapereke, kafunseni kaye ku ofesi ya zantchito pa boma.