Msana ndi khosi zikamangobwereza kuwawa

Mvula ikangoyamba kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, madandaulo a msana nawonso amachuluka. Munthu wawerama ndi khasu kuyambira mbandakucha, kupalira ndi kubandira, dzuwa likafika pamutu akuti aweramuke, chiuno chakana. Mayi akaweruka kumunda sapuma. Amasenza chigubu cha malita 20, omwe ndi makilo 20, mwana ali kumbuyo. Ikafika nthawi yokumba mbatatesi, anyamata amakweza matumba m'galimoto tsiku lonse. Nawonso madalaivala a magalimoto akuluakulu amene amachezera pamzere ku Zóbuè ndi ku Calómuè, ngakhale sagwira khasu, akatsika pampando amayenda atagwira m'chiuno.

Si ife tokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2020 anthu 619 miliyoni ankavutika ndi msana wam'munsi, ndipo mwa anthu 10 alionse odwala msana, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda ina yoopsa. Nthawi zambiri ndi minofu ndi mfundo za mafupa zomwe zatopa, zauma kapena zafooka. Ululu wotere umachepa wokha pakatha masabata angapo. Vuto lake ndi loti umakonda kubwerera.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi kuona munthu atagona pamphasa sabata yathunthu, akuti akupumitsa msana. Abale anga, kugona kotereku kumaumitsa msana. Tsiku limodzi kapena awiri ululu ukakula mutha kupumako, koma muzidzuka, muziyendayenda pakhomo, muzigwira tintchito topepuka. Malangizo amene WHO inatulutsa mu 2023 okhudza msana wa mgonagona amalimbikitsa mafizo, ndipo salimbikitsa malamba omanga m'chiuno aja. Mphini nazo sizifika pomwe pali vuto, komanso lezala lobwerekana limafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi.

Mafizo ake safuna ndalama kapena chipangizo. Mphasa ndi pansi posalala basi.

Yambani chogona chagada, mawondo opinda, mapazi ataponda pansi. Gwirani bondo limodzi ndi manja onse, likokereni pachifuwa pang'onopang'ono mpaka mumve kukoka kumunsi kwa msana. Werengani mpaka 20 mukupuma bwinobwino, kenaka sinthani mwendo. Mukatero katatu mbali iliyonse, gundanitsani mawondo n'kuwapendeketsa onse kumanja, kenaka kumanzere, mapewa asanyamuke pamphasa. Ambiri amamva kupepuka pomwepo, makamaka m'mawa pamene msana uli gwa.

Awa ndi ofewetsa chabe. Amene amaletsa ululu kubwerera ndi olimbitsa, ndipo ndi amene anthu amathawa chifukwa amatopetsa. Muli chigonere chomwecho, limbitsani mimba ngati mukuyembekeza kuti mwana akukhalirani pamimbapo, nyamulani matako mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo. Werengani mpaka 5, tsikani mosathamanga. Chitani ka 10. Mukamva kuti ntchito ikugwiridwa ndi matako ndi kumbuyo kwa ntchafu, ndiye kuti mwakhoza. Mukamva kutsina m'chiuno, mwakweza mopitirira.

Tsopano tembenukani, mugwade ngati mwana wokwawa, manja pansi pa mapewa. Tukumulani msana m'mwamba monga amachitira mphaka akadzuka kutulo, mutu utazolika, kenaka ubwezeni pansi pang'onopang'ono mukudzutsa mutu. Ka 10 n'kokwanira. Mukazolowera, tambasulani mwendo umodzi kumbuyo ndi mkono wa mbali inayo kutsogolo. Yerekezani kuti pamsana panu pali mbale ya ndiwo ya msuzi yomwe siyenera kutayika. Poyamba mudzagwedezeka, ena amagwera kumbali. Musataye mtima, yambani ndi mwendo wokha, mkono udzabwera sabata yamawa.

Kumunda musadikire kuti msana uyambe kulira. Mukamaliza mzere umodzi kapena iwiri, imani, gwirani m'chiuno ndi manja onse, pindikirani kumbuyo pang'ono kasanu. Mpini wautali umathandizanso chifukwa simuwerama kwambiri. Ponyamula thumba, liyandikireni, pindani mawondo, likhale pafupi ndi thupi, ndipo potembenuka sunthani mapazi m'malo mopotokola chiuno. Thumba la makilo 50 ndi la anthu awiri. Kuitana mnzanu si ulesi.

Khosi lili ndi mafupa 7 okha, ang'onoang'ono, ndipo amanyamula mutu wolemera pafupifupi makilo 5. Mukazolika pa foni kwa ola lathunthu, kapena pa makina osokera, minofu ya kumbuyo kwa khosi imagwira ntchito yosalekeza, n'chifukwa chake ululu umakwera mpaka kunkhongo. Khalani tsonga, yang'anani kutsogolo, bwezani chibwano m'mbuyo ngati mukupewa utsi wa pamoto, osawerama kapena kugadama. Werengani mpaka 5, masulani, bwerezani ka 10. Kenaka cheukani kumanja ndi kumanzere mofatsa, pendeketsani khutu kulowera kuphewa, ndipo pomaliza kokerani mapewa kumbuyo ngati mukufuna kupana chala pakati pa msana. Awa mutha kuchita muli mu chapa kapena mukudikira pa mjigo. Amayi osenza madzi, nkhata ikhale yochindikala, wina akutwikeni ndi kukutulani, ndipo ana aang'ono asasenze chigubu chodzaza.

Kumva kukoka kapena kuwawa pang'ono pochita mafizo si koopsa. Koma ululu wobaya, kapena wotsikira m'mwendo kapena m'mkono, ukukuuzani kuti musiye fizo imeneyo ndi kukafunsa kuchipatala. Mphindi 10 kapena 15 patsiku zikwana, ndipo phindu lake limaoneka pakatha masabata, osati mawa lomwe. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: ululu ukangotha amasiya, dzinja likubwerali ayambanso kubuula. Pitirizani ngakhale muli bwino, katatu kapena kanayi pa sabata. Nsalu yoviika m'madzi ofunda imathandiza musanayambe. Mapiritsi a ibuprofen musawasandutse chakudya, makamaka ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena muli oyembekezera.

Pali msana wina wosafuna mafizo koma dokotala, tsiku lomwelo. Ngati mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha, kapena mkodzo ukukanika, ngati mwachita dzanzi pakati pa miyendo, ngati miyendo kapena manja akufooka, kapena ululu wayamba mutagwa pa njinga yamoto kapena mumtengo, thamangani kuchipatala. Khosi louma limodzi ndi kutentha thupi ndi mutu waukulu likhoza kukhala matenda oumitsa khosi, omwe amapha msanga. Msana wowawa usiku, munthu akuonda ndi kutuluka thukuta pogona, ukhoza kukhala TB ya m'mafupa, makamaka kwa amene ali ndi HIV kapena anagwirapo ntchito m'migodi. TB imeneyi imachizika ikapezeka msanga. Ndipo ngati mwachita mafizo masabata 6 popanda kusintha, pitani ku centro de saúde yanu mukapemphe kuti akuoneninso, ngati n'kofunika akutumizeni kwa a fisioterapia, akatswiri a mafizo, kuchipatala chachikulu.