Jakisoni wa botulinum kwa mwana woyenda monyang'ama

Mwana amene ali ndi cerebral palsy kawirikawiri vuto lake silikhala m'mwendo. Ubongo wake unavulala asanabadwe, pobadwa kapena ali khanda, ndipo umangotumiza uthenga woti minofu ikungike osapuma. Akatumba akakungika, chidendene sichifika pansi ndipo mwana amayenda monyang'ama. Ikakhala minofu ya mkati mwa ntchafu, miyendo imapingasana ngati sizasi.

Jakisoni wa botulinum amadula uthengawo pamalo pamene mtsempha wakumana ndi mnofu. Mankhwalawa ndi poizoni wochokera ku kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum, koma timabaya kadontho chabe, mumnofu umene tasankha. Amatsekereza acetylcholine, amene mtsempha umatulutsa pouza mnofu kuti ukokeke. Dokotala wa mafupa wa ku America, Andrew Koman, ndi anzake ndiwo analemba mu 1993 za kubaya ana otere, ngakhale kuti madokotala a maso anali atayamba kale kuwagwiritsa ntchito pochiza maso opingasa.

Mnofu umayamba kufewa pakapita masiku ochepa, ndipo mphamvu ya mankhwalawa imatha pakatha miyezi itatu kufika isanu ndi umodzi. Sitibayanso masabata 12 asanakwane.

Apa ndi pomwe makolo ambiri ndimasiyana nawo maganizo. Amabwera akuyembekeza kuti jakisoni ayendetsa mwana. Chimene jakisoniyo amachita ndi kungopereka mpata. M'miyezi imeneyo wa mafizo amatha kuwongola phazi lomwe kale linkakana, nthawi zina timaika chikhakha kwa masabata angapo, ndipo mwana amaphunzira kuponda ndi chidendene atavala chogwiriziza phazi. Kubaya popanda mafizo n'kutaya mankhwala, ndipo si otchipa.

Tisanabaye timayamba tamuona mwana akuyenda, kenako timamugoneka n'kupinda phazi pang'onopang'ono. Likalola kupindika, ndiye kuti mnofu wangokungika ndipo jakisoni angathandize. Likakanirira ngakhale mwana atagona tulo, mnofuwo unafupika kale, ndipo apo tikamba za chikhakha kapena opaleshoni. N'chifukwa chake ana aang'ono, kuyambira zaka ziwiri, ndiwo amapindula kwambiri, poti minofu yawo nthawi zambiri imakhala isanafupike. Palinso ana ena amene kukungika komweko ndiko kumawaimiritsa chifukwa miyendo yawo ilibe mphamvu. Mukaufewetsa mwendo wotere, mwana amene ankaima amayamba kugwa.

Zovuta zake nthawi zambiri n'zazing'ono: kuwawa pobayidwa, kufooka kwa masiku angapo, kupunthwapunthwa. Koma mu 2009 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linalamula kuti pamankhwalawa pazilembedwa chenjezo lakuti angafalikire kutali ndi pamene abayidwa, n'kusokoneza kumeza ndi kupuma. Mwana amene amatsamwa kale pakudya kapena amadwala chibayo pafupipafupi timamuganizira kawiri. Ndipo mukabwerera kunyumba, mwana n'kuyamba kutsamwa, mawu kusasa, zikope kugwa kapena kupuma movutikira, musadikire tsiku limene tinakulemberani, thamangirani kuchipatala.