Mphunzitsi wa pafoni asakusiyitseni mankhwala a BP

Abambo ndi amayi a ku Matero, Kanyama, Chawama ndi madera ena a Lusaka, ambiri mwaika m'mafoni anu mapulogalamu ophunzitsa masewera olimbitsa thupi. Pulogalamu imafunsa zaka zanu, msinkhu ndi kulemera kwanu, kenako imakuuzani kuti lero yendani masitepe akuti, mawa thamangani mphindi zakuti. Ife azaumoyo tikukondwera nazo zimenezi. Chotidetsa nkhawa ndi mphekesera imene ikuyenda m'magulu a WhatsApp, yakuti munthu akamakwanitsa masitepe 10,000 tsiku lililonse ndiye kuti BP (matenda a kuthamanga kwa magazi) yatha, mapiritsi atha kuwasiya. Limeneli ndi bodza, ndipo lingathe kupha munthu.

Zoyambitsa BP mukuzidziwa kale: mchere wambiri, kunenepa, mowa, fodya, kukhala pansi tsiku lonse, ukalamba, ndiponso kumtundu. Kuyenda kumathandizadi kuitsitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azichita masewera mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, monga kuyenda ndawala mpaka kathukuta kutuluka koma n'kumathabe kulankhula, komanso kulimbitsa minofu masiku awiri pa mlungu. Nambala ya 10,000 ija inachokera ku malonda a kachipangizo kowerenga masitepe ku Japan m'zaka za m'ma 1960. Palibe dokotala amene anaitchula atakupimani inuyo.

Vuto ndi lakuti BP nthawi zambiri siipweteka. Munthu amalawira m'mamawa kuchoka ku Kalingalinga, kukafika ku UNZA n'kubwerera, foni n'kumulembera kuti wachita bwino kwambiri, pamene BP yake ili pamwamba pa 140/90, mlingo umene timati BP yakwera, iye osadziwa. Foniyo sinamupime. Ngakhale mawotchi ambiri a padzanja amangowerenga kugunda kwa mtima, ndipo kumeneko si kupima BP. Kupima ndi kamakina kaja timakumangani nako pamkono kukiliniki. Mapiritsi monga amlodipine ndi nifedipine amagwira ntchito pokhapokha mukumwa. Mukasiya, BP imakweranso inu mukumva bwinobwino, ndipo chotsatira chake ndi sitiroko, kuwonongeka kwa impso kapena kufooka kwa mtima.

Tikubwerezanso chifukwa apa ndi pamene ambiri akusochera. Ngati kuyenda kwakutsitsiranidi BP, n'zabwino, bwerani tidzapime. Dokotala akaona kuti ikukhala pansi kwa nthawi, ndiye angachepetse mlingo wa mankhwala. Mphunzitsi wa pafoni sanaonepo khadi lanu la kuchipatala, sadziwa za impso zanu, ndipo chimene mnzanu wa pagulu anachita sichikukhudza thupi lanu.

Odwala shuga, makamaka amene mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, musathamange muli ndi njala chifukwa choti foni yalira kuti nthawi yakwana. Shuga amatha kutsika kwambiri, munthu n'kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kuchita chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Muziyenda ndi maswiti m'thumba, ndipo pobwera muziyang'ana mapazi ngati nsapato yakusiyirani chilonda. Dzuwa la mu Okutobala nalo si la masewera. Yendani m'mamawa kapena madzulo, madzi muli nawo.

Mukamva chifuwa chikuthina kapena kupweteka, mpweya ukuperewera, maso akuchita mdima, imani pomwepo, ngakhale foni ikunena kuti kwatsala mphindi ziwiri zokha. Mukaona pakamwa papotokera mbali imodzi, dzanja lalefuka, kapena mawu sakumveka bwino, imeneyo ndi sitiroko. Musapite kunyumba kukagona kuti muone mawa. Thamangirani kuchipatala chapafupi, kaya ku Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama, komboni ya Chipata kapena ku chipatala chachikulu cha UTH.

Amene munasiya kale mapiritsi, musachite manyazi kapena kuopa kukalipiridwa. Bwerani kukiliniki mlungu uno ndi khadi lanu, paketi ya mankhwala imene munasiya ija, ndi foni yanu yomwe, tidzakupimeni kenako tione limodzi masitepe ndi mphindi zoyenera thupi lanu.