Khadi la mapointi a ndege mukamasamukira dziko lina

Anthu amene akukonzekera kukakhala kunja amakonda kufunsa funso limodzi pa nkhani ya makhadi a ngongole: ndi khadi liti limapereka mapointi ambiri a ndege? Funsolo ndi labwino, koma limabwera nthawi yake isanakwane. Khadi la ngongole lili ndi kwawo. Limayendera malamulo a dziko limene linatulutsidwa, ngongole yake imawerengedwa mu ndalama ya dzikolo, ndipo banki inakupatsani pokhulupirira mbiri yanu yolembedwa komweko. Mukangosamuka, zitatu zonsezi zimasokonekera tsiku limodzi.

Chimene chimadzidzimutsa ambiri ndi mbiriyo. Ku America ndi ku Britain, makampani atatu, Experian, Equifax ndi TransUnion, ndi amene amasunga kaundula wa mmene munthu amabwezera ngongole. Ku Germany ntchitoyi amagwira ndi a Schufa. Kaundulayu sayenda nanu. Ngakhale dzina la kampani likhale lomwelo, Experian ya ku London sitenga mbiri yanu n'kuipititsa yokha ku Experian ya ku America. Munthu amene wakhala akubweza ngongole mokhulupirika kwa zaka khumi akatsika ndege ku New York, banki imamuona ngati sanakongolepo n'kale lonse. Sikoo ya FICO, nambala imene mabanki a ku America amayezera kudalirika kwa munthu pa ngongole, imene imayambira pa 300 kufika pa 850, siwerengedwa n'komwe mpaka munthu atakhala ndi akaunti ya ngongole kwa miyezi isanu ndi umodzi. Makhadi a mphatso zonenepa aja amafuna mbiri yooneka, choncho mlendo akafunsira, nthawi zambiri amamukana. Tsoka lake, kufunsira kulikonse kumalembedwa m'kaundula, ndipo munthu amene wafunsira makhadi anayi mwezi umodzi amaoneka ngati wapanikizika ndi ndalama. Ndiye funso loyamba ndi lakuti, ndani angandilandire?

Njira zilipo, koma zabwino kwambiri zimafuna kuti muyambe musananyamuke. American Express ili ndi dongosolo lolola munthu amene ali kale ndi khadi lawo m'dziko lina kufunsira khadi m'dziko latsopano, iwo n'kuyang'ana mmene anayendetsera khadi lakalelo. Banki ya HSBC imathandizanso makasitomala ake ena kutsegula akaunti kumene akupita pogwiritsa ntchito mbiri ya kumene akuchokera. Palinso kampani ya Nova Credit, imene imatenga mbiri ya ngongole ya m'mayiko angapo n'kuipereka kwa obwereketsa a ku America ndi kwina, ngakhale si dziko lililonse limene lili pa mndandanda wawo. Ngati zonsezi sizikukukhudzani, musachite manyazi kuyamba ndi khadi wamba, kapena lija mumasungitsa kaye ndalama ya chikole n'kupatsidwa malire ofanana ndi chikolecho. Mulibe mapointi, inde. Koma mukaligulira zinthu zing'onozing'ono n'kumabweza zonse mwezi ndi mwezi, pakatha chaka mabanki omwe anakukanani aja amayamba kukusakani okha.

Tsopano, mapointi amachokera kuti? Apa m'pofunika kumvetsa bwino, chifukwa malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a ku America, ndipo zimene amanena sizigwira ntchito paliponse. Mukalipira ndi khadi, wogulitsa salandira ndalama yonse. Kagawo kena kamapita ku banki imene inakupatsani khadilo, ndipo pa kagawoko ndi pamene banki imatapa mphatso zimene imakupatsani. Ku America boma silinaike malire a kagawoka pa makhadi a ngongole, moti kamafika cha m'ma 2 peresenti. Mayiko a European Union anaika lamulo mu 2015 lakuti pa makhadi a ngongole a anthu wamba kasapitirire 0.3 peresenti, ndipo Britain inasunga malire omwewo pa malonda a m'dzikomo itatuluka mu mgwirizanowo. Banki imene ikulandira 0.3 peresenti singakubwezereni 2 peresenti. N'chifukwa chake munthu wosamukira ku Paris kapena ku Dublin amapeza makhadi a mphatso zochepa kwambiri poyerekeza ndi a mnzake wa ku Chicago, ndipo si kuti sanafufuze bwino ayi.

Ena akaona choncho amati basi ndingopitiriza ndi khadi langa lakale. Tiyeni tiwerengere limodzi. Makhadi ambiri amadula chindapusa cha pafupifupi 3 peresenti pa chilichonse chogulidwa mu ndalama ya dziko lina. Mukagula katundu wa madola 1,000, madola 30 apita. Mapointi amene mungapeze pa katundu yemweyo, pa makhadi ambiri, mtengo wake ndi wa madola 10 kapena 20. Mwaluza kale musanakwere ndege iliyonse. Makhadi opanda chindapusachi alipo, ndipo ngati lanu ndi limodzi mwa amenewo muli ndi mwayi, koma vuto lina latsala: malipiro anu akubwera mu mayuro, ngongole ikufunika madola. Mwezi uliwonse muzisintha ndalama n'kutumiza, kulipira otumizawo, ndipo ndalama imene mumalandirayo ikagwa mphamvu, ngongole yanu imakula musanagule kanthu. Kwa ine lamulo losavuta ndi ili: khadi logulira zinthu tsiku ndi tsiku likhale la ndalama imene mumalandirira malipiro.

Pali msampha wina umene mudzakumane nawo m'masabata oyambirira, mukadali ndi khadi lakale. Mwagula zinthu, wa pa kauntala wakutembenuzirani kamakina, ndipo pagalasi pake paoneka mabatani awiri: lina likufunsa ngati mulipire mu ndalama ya dziko limene muli, linalo mu ndalama ya kumene khadi linachokera. Batani lachiwiri limakopa chifukwa nambala yake mukuizolowera. Musalikhudze. Mukatero, amene akusintha ndalamayo si Visa kapena Mastercard koma kampani ya kamakinako, pa mtengo wake wokwera. Makina a ATM amafunsanso chimodzimodzi. Nthawi zonse sankhani ndalama ya dziko limene mwaimamo.

Komabe musathamangire kutseka khadi lakale. Mapointi amene ali m'thumba la banki, monga Membership Rewards a American Express, amatha kutayika mukatseka akaunti, choncho asamutsireni kaye ku kampani ya ndege kapena agwiritseni ntchito. Funsaninso bankiyo ngati imalola kasitomala wokhala kunja, poti ena amatseka akaunti akangoona adiresi ya dziko lina. Ngati imalola ndipo khadilo lilibe malipiro a pachaka, ndi bwino kulisunga kuti mbiri yanu isafe ngati mungadzabwerere. Ndipo nambala ya foni yakale musaitaye msanga: ndi imene banki imatumizirako nambala yachinsinsi yotsimikizira malipiro a pa intaneti, ndipo kuisintha muli kutali ndi chintchito. Inshuwalansi ya paulendo imene imabwera ndi khadi nayonso muiwerenge bwino, chifukwa kawirikawiri imateteza munthu amene amakhala m'dziko la khadilo, pa maulendo oyambira ndi kuthera komweko. Mukasamuka imatha kutha mphamvu inu musakudziwa.

Mukafika poti mabanki akukulandirani, apo ndiye nkhani ya mapointi yafika. Musayambe ndi kuchuluka kwake, yambani ndi njira imene muzidutsa. Munthu wosamuka amakhala ndi ulendo umodzi umene amaubwereza chaka ndi chaka, wokaona abale, ndiye onani makampani a ndege amene amayenda njira imeneyo kuchokera pa bwalo la ndege la mzinda wanu watsopano. Makampani akuluakulu ambiri ali m'magulu atatu: Star Alliance, imene inayamba mu 1997 ndipo muli Lufthansa, United, Turkish Airlines ndi Ethiopian Airlines, oneworld ya mu 1999, mmene muli British Airways, American Airlines ndi Qatar Airways, ndi SkyTeam ya mu 2000, ya Air France, KLM, Delta ndi Kenya Airways. Mapointi a kampani imodzi amagula tikiti pa ndege za anzake a m'gulu lomwelo. Emirates ili payokha, siili m'gulu lililonse mwa atatuwa. Khadi la mapointi a Delta likhoza kukhala labwino zedi, koma ngati njira yanu imadutsa ku Doha ndi Qatar Airways kapena ku Addis Ababa ndi Ethiopian Airlines, mwasonkhanitsa chuma chosagulira ulendo umene mukuufuna.

Ine ndimakonda makhadi amene mapointi ake amakhala ku banki n'kumasamutsidwira ku makampani angapo a ndege, makamaka kwa munthu amene sakudziwa kuti pakatha zaka zitatu adzakhala kuti. Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa mapointi amaika ndi mwini ndege, ndipo akhoza kukweza chiwerengero chofunika pa tikiti nthawi ina iliyonse. Kuwaunjika zaka zambiri n'kudzipweteka. Amathanso ntchito: mapointi a British Airways, otchedwa Avios, amafufutidwa akaunti ikakhala miyezi 36 osaigwiritsa ntchito. Tikiti ya mapointi si yaulerenso, msonkho ndi zolipira zina za kampani mumapereka ndithu, ndipo pa maulendo ataliatali a makampani ena ndalamayo imakhala yambiri ndithu. Mipando ya mapointi imasowanso mu December, nthawi imene aliyense akufuna kupita kwawo.

Mphatso ya polowera, ija amati mukagula zinthu za ndalama zakutizakuti m'miyezi itatu yoyambirira mulandira mapointi masauzande, imagwirizana bwino ndi nthawi yosamuka, poti bedi, firiji ndi matikiti muzigula basi. Koma muchite izi ngati ndalama yobwezera ili kale mu akaunti. Chiwongoladzanja cha makhadi a ngongole ku America chinadutsa 20 peresenti pachaka mu 2023, ndipo palibe mapointi amene angabweze zimenezo. Kutapa ndalama pa ATM ndi khadi la ngongole n'koipa kuposa apo: chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo, mapointi palibe, ndipo mabanki ambiri amawerengera kutumiza ndalama kwa abale ndi khadili m'gulu lomwelo. Malipiro a pachaka a khadi muwayerekeze ndi zimene mudzagwiritsedi ntchito. Chipinda chopumulira pa bwalo la ndege, chimene makhadi ena amakulolani kulowamo, n'chokoma, koma amene amakwera ndege kawiri pachaka akulipirira mpando umene sakhalapo.

Ngati mwasankha American Express, khalaninso ndi Visa kapena Mastercard m'chikwama, chifukwa masitolo ang'onoang'ono ambiri, makamaka ku Europe, sailandira. Ndipo amene akupita ku Britain adziwe za Section 75 ya lamulo la ngongole la Consumer Credit Act la 1974: mukagula chinthu cha pakati pa mapaundi 100 ndi 30,000 ndi khadi la ngongole la kumeneko, wogulitsa akalephera kupereka, banki nayo ili ndi udindo wokubwezerani. Anthu anadalira lamuloli pamene kampani ya ndege ya Monarch inagwa mu 2017 ndi ya Flybe mu 2020. Limagwira bwino mukagula tikiti ku kampani ya ndege yeniyeniyo, chifukwa mukadzera mwa ajenti, banki imatha kunena kuti amene munamulipira si amene walephera kukunyamulani.