Chiyambi cha Mawu Akuti "Hue and Cry"

Aliyense amene anamvapo mfuu wakuti "Wakuba! Wakuba!" pamsika, n'kuona anthu akusiya malonda awo n'kuyamba liwiro, sangavutike kumvetsa mawu a Chingerezi akuti hue and cry. Mawuwa anachokera ku Chifalansa chimene chinkagwiritsidwa ntchito pa nkhani za malamulo ku England pambuyo pa chaka cha 1066, ndipo liwu loti hue pano silikunena za mtundu wa chinthu monga kufiira kapena kubiriwira ayi, koma kukuwa.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti kukuwako kunali lamulo, osati chifundo cha anansi chabe. Nthawi imeneyo kunalibe apolisi, choncho munthu akaona wina akuba kapena akupha mnzake, ankayenera kufuula kapena kuliza lipenga, ndipo aliyense womva ankayenera kusiya khasu kumunda kapena chakudya pamoto n'kulowa nawo m'gulu lothamangitsa wolakwayo kuchoka mudzi uwu kufika mudzi wina. Mu 1285, Mfumu Edward I inalimbitsa mwambowu ndi lamulo la ku Winchester, limene linati ngati wachifwamba sanagwidwe pakutha kwa masiku 40, anthu a dera lonselo ndiwo alipire zimene zabedwa. Apa m'pamene panagona mphamvu ya lamuloli, chifukwa munthu wongokhala pakhonde n'kumaonerera ankadziwa kuti mlanduwo umupeza m'thumba mwake. Wokuwa monama nayenso ankalangidwa, popeza kusonkhanitsa mudzi wonse popanda chifukwa sikunali nkhani yaing'ono.

Malamulo amenewa anathetsedwa mu 1827, ndipo patangopita zaka ziwiri nduna ya boma la Britain, Robert Peel, inakhazikitsa apolisi a mumzinda wa London, ntchito yogwira akuba n'kukhala ya anthu olembedwa ntchito.

Mawuwo sanafe nalo lamulolo, koma tanthauzo lake linasintha. Masiku ano olemba nkhani akanena kuti anthu achita raise a hue and cry, satanthauza kuti pali wina akuthamangitsidwa m'misewu, koma kuti anthu ambiri akudandaula mokweza, mwachitsanzo mitengo ya mafuta ikakwera kapena nduna ikapezeka ndi mlandu wa katangale. Womasulira ayenera kusamala, chifukwa nthawi zina wolemba amasankha mawuwa pofuna kusonyeza kuti phokosolo lachuluka kuposa kukula kwa nkhani yake.